German Shepherd wa zilonda pamilomo, mankhwala akangotha zikubwereranso

Chimwemwe: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. German Shepherd wamphongo, zaka 4, makilo 32, wolondera pakhomo ku Area 25. Milomo yam'munsi yatupa, nkhanambo mbali zonse ziwiri za kamwa, mafinya pang'ono, fungo loti pakhonde sakumulolanso. Ndinamupatsa antibiotic ya cephalexin masiku 10, zinauma bwinobwino, pano zabwerera momwemo. Mwini wake akundiimbira mpaka usiku. Ndisinthe mankhwala kapena?

A Gondwe: Achimwene, musanapisenso dzanja kukamwa kwake, khadi la katemera wa chiwewe mwaliona ndi maso anu? Mawu a mwini galu musawadalire. Kuno ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera kuyambira 2015, komabe galu wadovu ine sindimugwira popanda magolovesi.

A Mbewe: Mubayeni Oxytet LA (antibiotic ya ziweto), mupopere wound spray. Nkhani yatha.

Mayi Banda: Vuto si mankhwalawo ayi, masiku 10 achepa. Zikumveka ngati mucocutaneous pyoderma, nthenda ya mabakiteriya ya m'mphepete mwa milomo, ndipo mtundu umenewu imaukonda. Cephalexin 22 mpaka 30 mg pa kilo, kawiri patsiku, masabata 3 kapena 4, ndipo mupitirize sabata ina nkhanambo zitatha. Metani ubweya pozungulira, azipukuta ndi chlorhexidine (mankhwala otsukira zilonda) yosungunula akatha kudya, kenako aziumitsa. Koma yambani mwapala khungu muone pa maikulosikopu. Ngati pali demodex, tizilombo toyambitsa mphere, mungomaliza ndalama za munthu. Betamethasone, steroid yopaka ija, musayerekeze, galu amanyambita, komanso demodex imachulukirachulukira.

Chimwemwe: Katemera anabayitsa, khadi ndaliona. Kupala khungu sindinachite, slide ya maikulosikopu ndilibe pano.

A Mbewe: Zonsezo za chiyani? Ine Oxytet sinandigwiritsepo mwala.

Mayi Banda: Bambo Mbewe, jakisoni ameneyo ndi wa ng'ombe, galu amamupweteka n'kutupa pobayapo. Ndiponso staph (mabakiteriya) yambiri ya pakhungu la agalu siimva tetracycline, gulu la mankhwala lomwe muli Oxytet.

Tadala: Muwafunse bwino kunyumbako zomwe apaka kale. Ine anandibweretsera Boerboel atamupaka oyilo wakuda wa galimoto milomo yonse, ati mlonda wawo anawauza kuti amapha mphere. Galu ananyambita zonse, kusanza usiku wonse, milomo yosupuka. Mwini wake kukana kwamtuwagalu kuti sanapake kanthu, chonsecho galu akununkha garaja. Ena amathira dip ya nkhupakupa yosasungunula pachilonda. Mufunse mlonda kapena mwana wantchito, bwana sadziwa zimenezi.

A Gondwe: Mano mwayang'ana? Mano akachita tartar, litsiro louma lija, dovu limangokhala mukhwinya la mlomo, simungapoletse. Mbale yapulasitiki yong'ambikang'ambika aitaye, agule yachitsulo.

Tadala: Akudya chiyani galuyo? Ambiri ndi phala la gaga ndi bonya pang'ono basi. Gaga amatchinga zinc m'matumbo, ndiye nkhanambo zimatuluka kukamwa, kuzungulira maso ndi kumapazi. Muone ngati kumasoko kuli bwino.

Mayi Banda: Muonenso mphuno. Ikayamba kuyera n'kusalala, ndipo mankhwala amaliza onse koma osasintha, muganizire discoid lupus, nthenda yomwe chitetezo cha thupi chimaukira khungu. Lupus ndi pyoderma zimafanana ngakhale pa biopsy (kudula kachidutswa ka khungu kukayeza), n'chifukwa chake timayamba ndi antibiotic. Steroid ya prednisolone musathamangire musanatsimikize.

A Mbewe: Biopsy alipira ndani? Anthu akulephera kugula chakudya cha galu. Botolo limodzi la Oxytet ndimathandiza nalo mudzi wonse.

A Gondwe: Zimenezo ndi zomwe zikuchititsa kuti mankhwala asiye kugwira, achimwene. Ngakhale ivermectin, mankhwala a mphere ndi njoka zam'mimba, anthu akungobaya chibayebaye. Mnzathu wina anabaya galu wa mtundu wa collie, galu anangoti dzandidzandi, sanadzukenso.

Tadala: Mwatchula ivermectin, ku Lilongwe kuno mukuigula kuti masiku ano? Komwe ndimatenga yasowa.

A Mbewe: Ndikakufunsirani mawa. A Chimwemwe, mwamubaya kale galu uja?