Kodi ndimulande foni mwana wanga wa zaka 13?

Mayi wa ku Area 25:
Makolo anzanga, ndikupempha nzeru. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 1, ndipo tinamugulira foni kuti azilandira ntchito ya kusukulu pa gulu la WhatsApp la kalasi yawo. Usiku wa Lachiwiri, magetsi atazima, ndinaona kuwala pansi pa bulangete lake, ndipo nditatenga foniyo ndinapeza kuti mwamuna wina wachikulire, amene sitikumudziwa, wakhala akumutumizira mayunitsi ndi kumupempha zithunzi. Bambo ake akuti timulande foniyo mpaka adzalembe MSCE, koma mtima wanga ukukana.

Bambo a ku Kawale:
Pepani kwambiri, mayi. Musafufute mauthengawo, chifukwa ndiwo umboni. Pitani nawo kupolisi, ku Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa zithunzi zolaula za ana, choncho wolakwa pano ndi mwamunayo.

Agogo a ku Biwi:
Ine ndili kumbali ya bambo ake. Dziko la Australia linavomereza lamulo mu 2024 loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa TikTok, Instagram ndi Facebook, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 10 Disembala 2025. Ngati boma lathunthu laona kuopsa kwake, ife tikuchedweranji?

Mphunzitsi wa ku Likuni:
Agogo, ndikulemekeza maganizo anu, koma lamulo limenelo silikhudza WhatsApp, komwe mwamunayu anadzera. Ndaona ana olandidwa foni akubwereka ya mnzawo pa nthawi yopuma, atabisala kuseri kwa kalasi, ndipo pamenepo kholo silionanso kanthu. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti mtsikanayu akalangidwa lero, tsiku lina akadzaopsezedwa adzangokhala chete poopa kulandidwanso. Mayi, muuzeni momveka bwino kuti simunamukwiyire. Kenako ikani Family Link, imene imathandiza kholo kutseka foni ya Android pa nthawi imene lasankha, ndipo foniyo izigona kuchipinda kwanu.

Mayi wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Taimba 116 m'mawa uno, ndipo mawa tipita kupolisi. Madzulo ano, tikusadzula masamba kukhonde, wandiuza yekha kuti mwamunayo analemberanso anzake awiri a m'kalasi, choncho ndikufunafuna manambala a makolo awo.