Corolla ya 1997 ikuwira pokwera zitunda za msewu wa Salima: ndiyambire pati kukonza ndekha?

Mphunzitsi wa ku Salima

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili ndi Toyota Corolla ya mtundu wa AE110, yopangidwa mu 1997, ya injini ya 5A-FE, ndipo pakali pano yayenda makilomita opitirira 260,000. Pa zaka zinayi zimene ndakhala nayo, ntchito zing'onozing'ono monga kusintha oyilo, mapulagi ndi mabuleki ndakhala ndikuzichita ndekha pakhomo, chifukwa malipiro anga sandilola kuthamangira kugalaja nthawi iliyonse imene galimoto yatsokomola.

Vuto linayamba mwezi wa Okutobala dzuwa litafika poswa mtengo. Ndikamayenda m'tauni muno kapena kupita ku Senga Bay, singano yosonyeza kutentha kwa injini imakhala pakati monga mwa nthawi zonse. Koma ndikanyamuka kupita ku Lilongwe, ndikangoyamba kukwera zitunda za cha ku Mvera mpaka ku Chezi, singanoyo imakwera pang'onopang'ono mpaka kuyandikira pofiira. Ndikaima ndi kutsegula boneti, ndimamva madzi akubwata m'kathanki kapulasitiki kam'mbali, ndipo injini ikazizira ndimathiramo madzi pafupifupi lita imodzi. Zimenezi zachitika kawiri. Ndisabise, kuyambira chaka chatha ndakhala ndikuthira madzi a pamjigo okhaokha.

Makaniko wina wandiuza kuti ndingochotsa thermostat, kachipangizo kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi pakati pa injini ndi rediyeta, chifukwa inapangidwira maiko ozizira. Wina wanena kuti gasiketi ya hedi, chomatira cha pakati pa thunthu la injini ndi mutu wake, yapsa, ndipo mtengo umene wanditchulira sindingaukwanitse mwezi uno. Kodi ndiyambire pati kufufuza ndekha ndisanawononge ndalama, ndipo ndi ziti zimene munthu wa masipanala ochepa ngati ine sayenera kukhudza?

Makaniko wopuma ntchito, Ndirande

Aphunzitsi, mwachita bwino kufotokoza nthawi yeniyeni imene galimotoyo imawira, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona yankho. Galimoto imene imawira itaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono pamzere wa m'tauni, koma n'kuzizira ikathamanga, kawirikawiri imakhala ndi vuto la fani. Yanuyi ikuchita zosiyana: ikuwira injini ikalemedwa pamtunda, pamene mphepo ikulowa yokha kutsogolo. Zikatero ine ndimayamba kukayikira chivindikiro cha rediyeta ndi rediyeta yeniyeniyo, ndipo gasiketi ndimaiganizira pomaliza.

Yambani ndi chivindikirocho, injini itazizira kotheratu m'mawa. Anthu ambiri amachiona ngati chotsekera chabe, koma ntchito yake ndi kusunga mphamvu ya mpweya m'kati kuti madzi asawire msanga. Pa Corolla yotere chimakhala cholembedwa 0.9 pamwamba pake. Madzi a mumphika wosavindikira amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma pamalo okwera ngati Lilongwe amawira asanafike n'komwe pa 97. Chivindikiro chabwino chimakweza malire amenewa kufika cha m'ma 115 kapena kupitirira, kotero kuti mphira wake ukang'ambika kapena sipuling'i yake ikafooka, madzi amayamba kuwira pa kutentha kumene injini yogwira ntchito yolemetsa imafikako ngakhale ilibe matenda ena. Madziwo amakankhidwira m'kathanki kam'mbali n'kutayikira pansi, ndipo otsalawo akachepa, kutentha kumawonjezeka. Chivindikiro chatsopano ndi chotsika mtengo kuposa china chilichonse chimene mungagule pavutoli.

Mukachotsa chivindikirocho, suzumirani m'kati. Madzi a pamjigo, makamaka a kunyanja kwanuko, amasiya zoyera zolimba zija mumaziona m'ketulo, ndipo popeza thunthu la injini imeneyi ndi lachitsulo pamene hedi yake ndi ya aluminiyamu, madzi opanda coolant, mankhwala osakaniza m'madzi a rediyeta, amabweretsanso dzimbiri. Zonsezi zimakatseka timapaipi topyapyala ta rediyeta. Rediyeta yotsekeka theka imakwanitsa ntchito ya m'chigwa cha Salima, koma pamtunda wa Mvera imagonja. Njira yoyesera ndi iyi: yendetsani galimoto mpaka singano ifike pakati, zimitsani injini, chotsani kiyi, ndipo yendetsani dzanja mosamala pankhope ya rediyeta. Iyenera kukhala yotentha paliponse, ikumachepa pang'onopang'ono kuchokera pamwamba kutsikira pansi. Mukapeza zigawo zozizira pakati pa zotentha, dziwani kuti madzi sakudutsa pamenepo. Onaninso pakati pa rediyeta ndi kondensa ya mpweya wozizira imene ili kutsogolo kwake, chifukwa pamenepo pamaunjikana udzu, nthenga ndi fumbi zimene sizioneka munthu akangoyang'ana kunja.

Fani nayo iyeseni ngakhale sindikuikayikira kwambiri: siyani injini ikulira galimoto itaima, ndipo fani iyenera kudziyambira yokha madzi akatentha kupitirira madigiri 90, kenako n'kudzizimitsa. Gwiraninso lamba woyendetsa pampu ya madzi muone ngati walefuka kapena wang'aluka, ndiponso ngati pansi pa pampuyo pali mzere wouma wa madzi odontha. Chonde, musadzatsegule chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha. Ndinaonapo anthu atapsa nkhope ndi manja chifukwa chofulumira pamseu.

Woyendetsa takisi ku Lilongwe

Ndalemekeza zimene anena madala a ku Ndirande, koma pankhani ya thermostat ndikufuna ndinene zimene ndinaziona ndekha. Galimoto yanga, yomwenso ndi Corolla yakale, inkawira chimodzimodzi, ndipo nditachotsa thermostat vutolo linatheratu tsiku lomwelo. Tsopano papita zaka ziwiri ndikuyenda popanda chinthucho, ndipo anzanga ambiri pamalo athu oimikapo magalimoto anachitanso zomwezo. Kwathu kuno kulibe chipale chofewa ngati ku Japan, choncho sindikuona chifukwa choti aphunzitsi asungire kachitsulo kamene kangadzatseke njira ya madzi ali pakati pa ulendo ndi banja lawo. Kuichotsa ndi ntchito ya mabawuti awiri basi, ndipo sikufuna ndalama.

Makaniko wopuma ntchito, Ndirande

Achimwene a takisi, sindikukayika kuti galimoto yanu inasiya kuwira, koma zimene zinachitikazo zikutanthauza kuti thermostat yanu inali itafa itatseka, ndipo mankhwala ake anali kugula ina. Kachipangizo kameneka sikanaikidwe chifukwa cha chisanu cha ku Japan ayi. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito pa kutentha kwinakwake, ndipo pa 5A-FE thermostat imayamba kutseguka cha pa madigiri 82. Mukaichotsa, injini imachedwa kutentha, makamaka m'mawa wa mwezi wa Juni kapena potsetsereka mtunda wautali, ndipo kompyuta ya galimoto, poona kuti madzi akadali ozizira, imapitiriza kuwonjezera petulo monga imachitira injini ikangolizidwa kumene. Inu amene mumawerengera lita iliyonse, ndi amene mukuluza kwambiri pamenepo. Petulo wopitirira muyezoyo amadetsa mapulagi, amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, ndipo injini imatha msanga popanda mwini wake kudziwa chifukwa chake.

Kwa aphunzitsi, kuchotsa thermostat pamene rediyeta ili yotsekeka kungangochedwetsa kuwirako ndi mphindi zochepa. Ngati mukuikayikira, iyeseni pakhomo pomwepo. Ili pamene paipi yam'munsi ya rediyeta imalowera ku injini. Itulutseni, imangireni kachingwe, ilowetseni mumphika wa madzi uli pamoto, ndipo muione: iyenera kuyamba kutseguka madzi asanawire, ndipo pofika powira ikhale itatseguka bwino, mpata wake pafupifupi mamilimita 8. Ikakhala yosatseguka, kapena ikatseguka pang'ono chabe, gulani yatsopano pamodzi ndi mphira wake. Poibwezera, kabowo kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kogwedera kaloze m'mwamba, chifukwa ndi kamene kamatulutsa mpweya pothira madzi.

Mayi wa ku Mzuzu

Ine ndikufuna ndikambepo za gasiketi, popeza inandidyera ndalama zambiri pagalimoto imene anandisiyira malemu bambo anga. Musalole kuti wina atsegule hedi musanaone zizindikiro ndi maso anu. M'mawa injini isanatenthe, chotsani chivindikiro, dzazani rediyeta mpaka pakamwa, lizani injini, ndipo muyang'ane. Thovu lapatalipatali ndi mpweya wotsalira, koma likamatuluka mosalekeza, kapena madzi akamathovokera kunja injini ikadali yozizira, ndiye kuti utsi wa m'masilinda ukulowa m'madzi. Onaninso oyilo ngati wasanduka ngati tiyi wamkaka, ekizozi ngati ikutulutsa utsi woyera wosatha injini itatentha kale, ndiponso mapulagi ngati imodzi yayera kwambiri ngati yotsukidwa pamene zinzake zili zodera.

Zizindikirozi zikapezeka, ntchito imeneyo musaigwire nokha. Hedi ya aluminiyamu ikatenthedwa imapindika, ndipo imafunika kuyezedwa ndi kupalidwa pamakina, komanso mabawuti ake amamangidwa motsatana ndi sipanala yoyeza mphamvu. Yanga inamangidwa ndi sipanala wamba, hedi yosapala, ndipo gasiketi yatsopanoyo inapsanso miyezi itatu isanathe. Chimene ndikupempheni n'chakuti musayeserenso mtunda umenewo vutoli lisanathe, chifukwa ngati gasiketi idakali yamoyo, ulendo wachitatu ungathe kuipha. Zikakuchitikirani mwadzidzidzi muli panjira, zimitsani mpweya wozizira, tsegulani hita mpaka pamapeto kuti ichotseko kutentha kwina, ndipo muime pamalo oyamba abwino.

Mphunzitsi wa ku Salima

Zikomo kwambiri nonse, ndipo ndabwera kudzanena zimene ndapeza Loweruka lapitali. Ndinayamba ndi kuyesa kwa thovu kumene anafotokoza mayi a ku Mzuzu, chifukwa ndi kumene kunkandisowetsa tulo. Thovu linatuluka kawiri kapena katatu poyamba, kenako madzi anakhala bata, ndipo oyilo ndi mapulagi zinali bwino. Chivindikiro ndinachipeza mphira wake utauma ndi kung'ambika mbali imodzi. Thermostat inatseguka bwinobwino mumphika, choncho ndaibwezera ndi mphira watsopano, ndipo achimwene a takisi andikhululukire kuti pamenepa ndatsatira madala.

Chimene chinandidabwitsa ndi rediyeta. Pafupifupi gawo lonse lapakati linali lozizira monga momwe madala ananenera, ndipo nditaichotsa ndinapeza udzu ndi fumbi zitamatirira kumaso kwake ngati bulangeti. Ndinayesa kuitsuka ndi madzi kangapo, ndipo ankatuluka ofiira ngati a mumtsinje nthawi ya dzinja, koma zigawo zija zinakhalabe zozizira. Popeza thanki yake yapamwamba ndi yapulasitiki ndipo inali itayamba kale kusintha mtundu ndi kuonetsa timing'alu pakhosi, ndinaganiza zogula yatsopano m'malo moipereka kuti aitsegule. Ndatsuka injini mpaka madzi atuluke oyera, ndathira coolant wofiira wosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera owonjezera mu batire (distilled water, osati asidi), ndipo zonse pamodzi zalowa malita opitirira pang'ono 5. Ndinasiya injini ikulira chivindikiro chili chotsegula ndi hita ili yoyatsa kuti mpweya utuluke, mpaka fani inadziyambira kawiri. Madzi akale ndinawatayira kutali ndi ana ndi ziweto, popeza coolant ndi poizoni ngakhale amatsekemera.

Dzulo masana ndapita ku Lilongwe ndi anthu anayi m'galimoto, ndipo singano sinasunthe pakati kuchokera ku Salima mpaka ku Kanengo. Lero m'mawa madzi a m'kathanki anali atatsika pang'ono, ndawonjezera kufika pamzere wake, ndipo ndiziwayang'ana m'mawa uliwonse sabata yonseyi. Pochotsa rediyeta ndaonanso kapepala komatidwa pachivindikiro cha timing belt, lamba woyendetsa mavalavu a injini, kosonyeza kuti inasinthidwa galimoto ili pa makilomita 98,000, ndipo sindikuona umboni woti inasinthidwanso. Madala a ku Ndirande, popeza lamba ameneyu amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndikupempha mundiuze ngati ntchito imeneyi ndingaigwire pakhomo, ndiponso ngati ndi bwino kusinthiratu pampu ya madzi pa nthawi yomweyo.