Kodi mlezi wa mwana akakhala wachibale sayenera kulipidwa?

Nabanda wa ku Matundo:
Ndikupempha nzeru, abale anga. Ndimagwira ntchito ku Moatize ndipo ndimanyamuka kusanache kuti ndipeze chapa (minibasi) yoyamba, motero chaka chatha ndinakatenga mwana wa msuweni wanga ku Tsangano, mtsikana wa zaka 19, kuti azindilerera khanda. Ndimamupatsa malipiro mwezi uliwonse, koma apongozi anga akuti ndikumuwononga, chifukwa wachibale amene akudya ndi kugona pakhomo pako salipidwa ngati munthu wobwera. Bambo a kunyumba angokhala chete. Kodi ndalakwa?

Aphiri a ku Ulongue:
Simunalakwe, mayi. Dziko lino la Mozambique lili ndi lamulo la ntchito zapakhomo, Decreto 40/2008, lomwe limaika kulera ana, kuphika ndi kuchapa m'gulu la ntchito zenizeni. Limati wantchito asapitirire maola 9 patsiku kapena 54 pasabata, ndipo akhale ndi tsiku lopuma. Pamene lamuloli linafooka mpakuti silinaike malipiro ochepetsetsa monga zilili m'migodi kapena m'minda, kotero zonse zimatsalira pa kugwirizana kwa awiri, ndipo tonse tikudziwa kuti mtsikana wongofika kumene kuchokera kumudzi sangatsutsane ndi azakhali ake pa nkhani ya ndalama. Mukamuthandizenso kulembetsa ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni ndi chithandizo cha antchito, chifukwa antchito apakhomo amayenera kudzilembetsa ndi kudziperekera okha.

Nangozo:
Ine ndinagwirapo ntchitoyi zaka 7 pakhomo pena ku Chingodzi, choncho ndilankhula zimene ndinaziona. Alendo akabwera, abwana aakazi ankati ndine mwana wawo, koma kapu yanga inali yapulasitiki ndipo inkakhala payokha pawindo la kukhitchini, kutali ndi makapu ena. Nsima ndinkadya onse atatha, nthawi zambiri ndiwo zitatsala msuzi wokha. Komabe mwana akatentha thupi pakati pa usiku, m'kutentha kuja kwa mwezi wa Okutobala kumene ngakhale khoma limaotcha, ndine ndinkamubereka kumbuyo n'kumazungulira naye pakhonde mpaka atagona, makolo ake ali m'tulo. Mwezi ukatha, mawu akuti "iwe ndiwe wapakhomo" ndiwo ankabwera m'malo mwa ndalama. Chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalamazo ayi, koma kuti munthu amene anandikhulupirira ndi mwana wake sankandikhulupirira ndi kiyi wa kabati ya shuga. Achemwali, mlipireni, ndiponso azidyera nanu pamodzi.

Malume a ku Zóbuè:
Tisawaweruze msanga apongoziwo. Kale mwana wachibale akapita kukalera m'tauni, amene wamutengayo ankamuveka, kumuphunzitsa sukulu, ngakhale kumukonzera ukwati, ndipo amenewo ndiwo anali malipiro ake. Masiku ano ambiri asunga mbali yosalipira yokha, udindo wonsewo n'kuutaya. Muwafunse mwaulemu ngati iwo ali okonzeka kusenza udindo umenewo.

Nabanda wa ku Matundo:
Zikomo nonse. Mawu a Nangozo andichititsa manyazi, chifukwa nanenso ndazindikira kuti mtsikanayu amadyera kukhitchini ndipo sindinamufunsepo ngati amafuna kutero. Anasiyira sukulu m'kalasi 8, choncho Loweruka ndikafunsa za maphunziro ausiku, ndipo apongozi ndikakamba nawo bambo a kunyumba ali pomwepo.