Tiana ta chinkhanira cha m'chipululu tikufa pofundula: kodi ndikulakwitsa pati?

Wa ku Matawale:

Ndikupereka moni kwa nonse. Kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikuweta zinkhanira ziwiri za mtundu wa Hadrurus arizonensis, chachimuna ndi chachikazi, chilichonse m'bokosi lakelake lagalasi. Kwawo kwa zinkhanira zimenezi ndi kuzipululu za Sonora ndi Mojave, m'dziko la America ndi kumpoto kwa Mexico, ndipo zikakula zimatalika mpaka masentimita 14. Anandisiyira ndi mnzanga wina amene ankasamuka muno mu Zomba, ndipo zinali zazikulu kale.

Mu Disembala chachikazi chija chinaswa tiana 24, toyera ngati mpunga wophika, ndipo tonse tinakwera pamsana pa make monga mwa chikhalidwe chake. Patapita masabata ngati awiri tinafundula koyamba n'kutsika, ine n'kutipatula kalikonse m'kabotolo kake. Mavuto anayambira pamenepo. Poyamba ndinkaikamo thonje lonyowa, koma tina tinayamba kuoneka timadontho takuda m'miyendo n'kufa. Nditachotsa thonjelo n'kusiya mchenga wouma wokhawokha, totsalato tinayamba kukanirira m'chikopa chakale pofundula kachiwiri. Panopa tatsala tisanu tokha, ndipo mtima ukundipweteka chifukwa ndikudziwa kuti cholakwa chili kwa ine. Kodi alipo amene angandiuze mmene ndingasungire tiana timeneti m'nyengo yachinyezi ngati ya kuno kwathu?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Chinamwali:

Achimwene a ku Matawale, pepani ndi zimene zakuchitikiranizi. Musadziimbe mlandu kwambiri, pakuti mtundu umene muli nawowo ndi wodziwika kuti tiana take timavuta kulera, ndipo ngakhale kwa anthu oweta zinkhanira kumayiko akunja timafa kawirikawiri pa nthawi yofundula yomweyo.

Vuto lagona pa mawu akuti chipululu. Tikawamva timaganiza za mchenga wouma ndi dzuwa loswa mtengo, koma chinkhanira chimenechi sichikhala pamwamba pa mchenga masana. Chimakumba una wautali, nthawi zina woposa mamita awiri, ndipo pansi pa unawo pamakhala pozizirirako ndiponso pachinyezi pang'ono, pomwe kukhomo kwake kumakhala gwa, kouma. Chikafuna kufundula chimatsikira pansi, chimatseka khomo, n'kudikira kumeneko mpaka chikopa chatsopano chitalimba. Chikamva kuti chinyezi chachuluka chimakwera. Kunena kwina, chimadzisankhira chokha malo oyenera tsiku ndi tsiku. M'kabotolo kanu kaja munalibe kosankha: ulendo woyamba munali monyowa monsemo, chuku n'kutigwira, ndipo timadontho takuda tija ndi chizindikiro chake, ulendo wachiwiri munali mouma monsemo, chikopa n'kukana kusupuka.

Chimene ndingakulangizeni ndi ichi. Pezani zidebe zazitali, osati zophwatalala. Sakanizani mchenga wa mumtsinje, ngati wa ku Likangala, ndi dothi lakatondo pang'ono, chifukwa mchenga wokha umagumuka ndipo una sungakhazikike. Muwotche kaye chisakanizocho pamoto kuti tizilombo tife, kenaka muchinyowetse, muchitsendere bwino m'chidebe mpaka chifike masentimita 15 kapena kuposerapo, ndipo muchisiye chiume kwa masiku angapo musanaikemo kachinkhanira. Pakona imodzi zikani kapaipi kopyapyala kofika pansi penipeni, kuti muzidonthezera madzi ochepa kwambiri m'menemo mwa apo ndi apo. Madziwo azinyowetsa pansi pokha, pamwamba pazikhala pouma nthawi zonse. Chivundikiro chikhale cha sefa yawaya, kuti mpweya uziyenda.

Kumbukiraninso kuti Zomba si Sonora. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mpweya wathu umakhala wonyowa kale, makamaka ife okhala m'tsinde mwa phiri, kotero m'miyezi imeneyo madzi odonthezawo achepe zedi. Kukabwera chiperoni mu Juni kapena Julaye, musadabwe zikaleka kudya n'kudzitsekera m'mauna. Kwawonso zimapuma m'nyengo yozizira, ndipo simuyenera kuzifukula kuti muone ngati zili moyo. Chofunditsira, kachipangizo kotenthetsera bokosi, chikhale m'mbali mwa bokosilo, osati pansi, chifukwa chinkhanira chikamva kutentha chimathawira pansi, ndipo mukachiikira moto kumeneko ndiye kuti mwachitchera msampha.

Mayi wa ku Sadzi:

Bambo a ku Matawale, ine sindiweta zinkhanira, koma ndine namwino ndipo ndaonapo ana olumidwa nazo, choncho ndiloleni ndilankhulepo mbali ina. Ululu wa mtundu wanuwo si woopsa kwambiri kwa munthu wamkulu wathanzi, ngakhale kuti mbola yake imapweteka ndithu. Nkhawa yanga ili pa ena amene akuwerenga pano n'kuyamba kusirira, chifukwa si zinkhanira zonse za m'chipululu zimene zili choncho. Mitundu ya Androctonus ndi Leiurus ya kumpoto kwa Africa ndi ku Middle East imapha anthu, ndipo kuno kummwera kwa Africa kuli Parabuthus, umene umapezeka m'madera ouma a Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi South Africa. Wina mwa iwo, Parabuthus transvaalicus, amatha ngakhale kufaira ululu wake, n'kumulowa munthu m'maso. Chizindikiro chimene ambiri amatsatira n'chakuti chinkhanira cha mchira wonenepa ndi zopanira zowonda ndicho choopsa, pomwe cha zopanira zikuluzikulu ndi mchira wowonda ululu wake umakhala wochepa. Mwana wamng'ono ululu umamugwira msanga kuposa wamkulu, ndipo ukhoza kumulepheretsa kupuma.

Ndikupemphani kuti mabokosiwo azikhala ndi loko, m'chipinda chimene ana salowamo, ndipo pabokosi lililonse mulembepo dzina la mtundu wake, kuti ngozi itachitika achipatala adziwe chimene chaluma. Amene akuganiza zoitanitsa zamoyo kuchokera kunja ayambe wafunsa ku Dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire za chilolezo, ndipo pasapezeke wina wotaya zinkhanira zachilendo kutchire akatopa nazo.

Wa ku Mpondabwino:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa nkhani ya dothi, koma ndionjezepo za chakudya, chifukwa ine ndinatayapo tiana ta zinkhanira za kuno konkuno pa chifukwa chimenechi. Kachinkhanira kakayandikira kufundula kamatupa, kamaleka kudya, ndipo kakangofundula thupi lake limakhala lofewa kwa masiku angapo. Mukasiyamo nkhululu kapena mphemvu yamoyo pa nthawi imeneyo, chakudyacho n'chimene chimasanduka mdani n'kukaluma. Muzipereka chiswe kapena timphemvu tating'ono kwambiri kamodzi pa sabata, ndipo chimene sichinadyedwe pofika m'mawa muzichotsa. Mphemvu zogwidwa m'nyumba yopoperedwa mankhwala musazigwiritse ntchito. Ndi bwino kuweta zanu m'ndowa, n'kumazipatsa gaga ndi makoko a masamba.

Mukadzafuna kukumanitsanso zazikuluzo, muikemo mwala wosalala wafulati. Chachimuna chimagwira chachikazi ndi zopanira, n'kumayenda nacho uku ndi uku ngati akuvina, kufunafuna malo olimba oti chimatepo kathumba ka mbewu yake, kenaka chimakokera chachikazi pamwamba pa kathumbako. Pamchenga wokhawokha ntchitoyo imalephereka. Zikangomaliza muzilekanitse, chifukwa chachikazi chikhoza kudya mnzakeyo. Bere lake limatenga miyezi yambiri, nthawi zina kufika chaka, ndiye musafulumire kunena kuti sizinatheke. Ndipo chikaswa, bokosi lisagwedezedwe kapena kutsegulidwa kawirikawiri, pakuti make akasokonezedwa amadya ana ake omwe.

Poyang'ana usiku gwiritsani ntchito tochi ya UV, ngati zija amayesera ndalama zachinyengo, chifukwa chikopa cha chinkhanira chimawala mobiriwira pansi pa kuwala kumeneko. Muziunika kwa kanthawi kochepa chabe. Kachinkhanira kamene kangofundula kumene sikawala kwenikweni mpaka chikopa chitalimba, choncho mukaona kachikopa kakale kakuwala pambali koma mwiniwake ali mbuu, mudziwe kuti sikanafike poti n'kupatsidwa chakudya.

Wa ku Matawale:

Zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi, mwandiululira pomwe panali pobisika, chifukwa mchenga wa m'timabotolo tanga sunkafika ngakhale masentimita atatu, ndipo chofunditsira ndinachiikadi pansi. Mchenga ndatenga kale dzulo, ndauwotcha, ndipo zidebe zisanu zili pakhonde kuti ziume. Mayi a ku Sadzi, loko ndagula, ndipo mayina ndalemba pabokosi lililonse.

Ndatsala ndi funso limodzi kwa aphunzitsi. Mwa tisanu tija, kamodzi katupa kale ndipo kakana chakudya kwa masiku asanu ndi limodzi, zomwe zikuonetsa kuti kayandikira kufundula. Kodi ndikasamutsire m'chidebe chatsopano dothi likangouma, kapena ndikasiye m'kabotolo momwemo, n'kungodonthezera madzi pang'ono pakona imodzi mpaka kamalize?