Kathirakitala kanga kakumalemera kukazizira, ndithiremo oyilo wanji?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kathirakitala kotchetchera kapinga, ka hydrostatic transmission, kaja kopanda magiya osintha ndi dzanja. Nyengo yozizira ino ndikufuna ndizikankhira chipale chofewa pabwalo. Vuto ndi m'mawa: injini ikulira bwinobwino, koma ndikaponda kuti kanyamuke kakumangolira fyiii kumbuyoku, n'kumayenda ngati kamba. Pakapita mphindi 10 kapena 15 ndiye kamayamba kuthamanga monga kale.

Ndikuganiza kuti oyilo wa mu transmission akumalimba ndi chisanu. Muli oyilo wa mtundu wa 20W-50, ndipo kunena zoona sindinamusinthepo chigulire. Kodi ndikathiramo 5W-50 wa synthetic sindiwononga pampu ya transmission kunja kukadzayamba kutentha? Chinanso chandizunguza mutu: ndagona pansi ndi tochi, bawuti yokhetsera oyilo sindikuiwona. Kodi mpaka ndimasule transmission yonseyo n'kuizondotsa?

Nanga mukasintha oyilo, mpweya wotsalira mkati mumauchotsa bwanji? Ndinamva zoti umakweza matayala akumbuyo, n'kutsegula bypass (kavavu kaja timatsegula tikafuna kukankha thirakitala ndi manja), kenako n'kumaponda kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono. Kangati? Lamba ndamuyang'ana, sakuterera, ndipo udzu womwe unamatirira pafani ndachotsa. Amene munachitapo zimenezi, chonde ndiuzeni.