Kodi ndimulandire mwana wolumala pasukulu yanga yamkaka?

NaBanda, Chawama:
Moni nonse. Ndili ndi sukulu yamkaka yomwe timasamalirako ana azaka 2 mpaka 5 makolo awo akakhala kuntchito kapena kumsika. Mayi wina wabweretsa mwana wake wamkazi wazaka 4 amene madokotala anati ali ndi cerebral palsy. Sayenda, satha kukhala tsonga kwa nthawi yaitali, amatuluka dovu, ndipo nthawi zina amagwa khunyu ngakhale kuti akumwa mankhwala. Mtima wanga ukufuna kumulandira, koma makolo ena atangomuona anandiuza kuti achotsa ana awo poopa kuti angatengere matendawo. Amene munakumanapo ndi zotere, chonde ndithandizeni nzeru.

Namwino wa ku Matero:
Amayi, yambani ndi mantha a makolowo, chifukwa alibe maziko. Cerebral palsy imabwera ubongo wa mwana ukavulala akadali m'mimba, pobadwa kapena ali wakhanda, mwachitsanzo akachedwa kupuma, akadwala chikasu champhamvu kapena malungo aakulu. Sipatsirana, ndipo khunyu nalonso silifala kudzera m'malovu monga ambiri amakhulupirira. Aitaneni makolowo, ndipo ngati n'kotheka pemphani wazaumoyo wa kukiliniki yapafupi kuti adzawafotokozere yekha, pakuti mawu ake adzawamva msanga kuposa anu.

Antchito anu onse adziwe chochita mwanayo akagwa. Amugoneke chammbali, amuikire chofewa kumutu, achotse zinthu zimene zingamuvulaze, ndipo asamuike supuni kapena chala m'kamwa, kapenanso kumumwetsa madzi asanatsitsimuke bwinobwino. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, athamangire naye kuchipatala. Nthawi ya phala nayonso imafuna chidwi: mwanayo adye atakhala tsonga, mutu utaweramira pang'ono kutsogolo, supuni iliyonse ikhale yosadzaza, ndipo womudyetsa adikire kuti ameze asanamupatsenso, chifukwa akadya chagada chakudya chingalowe m'njira ya mpweya. Amayi ake afunse a physiotherapy (akatswiri olimbitsa ziwalo za thupi) kuchipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka za mpando womuchirikiza msana ndi m'mbali. Mipando ina yotere imapangidwa ndi makatoni ndi mapepala omata, ndipo imalimba ndithu.

Bambo Tembo, Kanyama:
Sindikutsutsa zimene anamwino anena, koma tisabise kuti sukulu zambiri za m'makomboni muno zili ndi mlezi mmodzi pa gulu lalikulu la ana. Iyeyo akakhala pansi kudyetsa mwana mmodzi pang'onopang'ono, enawo akuwayang'anira ndani? Kumulandira mwana n'kumangomusiya atagona pamphasa pakona tsiku lonse n'kumulakwira kuposa kumukana. Amayi, muwerengere kaye manja amene muli nawo musanalonjeze kanthu.

Mphunzitsi wa ku Chilenje:
Funso la aTembo ndi loona, koma yankho lake lisakhale kutseka chitseko. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo lamulo lathu la anthu olumala la 2012 limaletsa kuwasala pa nkhani ya maphunziro. Vuto la kuchepa kwa antchito lingachepe ngati mwanayo atayamba ndi kubwera m'mawa mokha, amayi ake kapena wachibale n'kumakhala nanu masiku oyambirira kuti akuonetseni mmene amamunyamulira, mmene amamudyetsera, ndiponso mmene iye amasonyezera kuti wavomera, wakana kapena akumva ululu. Palibe katswiri amene akumudziwa mwanayo kuposa amayi ake.

Chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi khalidwe lanu inu akuluakulu, chifukwa ana azaka 3 sabadwa ndi tsankho, amangoonera pa nkhope zathu. Mlezi akamapukuta dovu la mwanayo atakwinya nkhope, anzake adzamuthawa. Akamupukuta mwachizolowezi monga mmene amapukutira mamina a mwana wina aliyense, uku akupitiriza kuimba nyimbo, ana adzaona kuti palibe chachilendo. Muzimutchula dzina lake, osati "wodwala uja", ndipo muzilankhula naye iyeyo m'malo momangolankhula za iye ali pomwepo. Mpando wake ukhale m'bwalo limodzi ndi anzake, apatsidwe chisekese kapena ng'oma yaing'ono, ndipo ikafika nthawi yake yoyankha, onse aphunzire kudikira ngakhale atachedwa. Ana akafunsa chifukwa chake sayenda, ayankheni mwachidule kuti miyendo yake ilibe mphamvu ngati yawo, koma amakonda kusewera monga iwo. Musamuchitirenso zonse chifukwa cha chisoni, pakuti ngati angathe kugwira kapu ndi manja awiri, muzimulola ngakhale madzi atatayika.

Mungapemphenso malangizo ku ZAMISE, komwe amaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo amayi ake akamulembetse mwanayo ku Zambia Agency for Persons with Disabilities, bungwe la boma loona za anthu olumala, ngati sanatero.

NaBanda, Chawama:
Zikomo kwambiri nonse. Ndagwirizana ndi amayi ake kuti mwanayo ayambe Lolemba, aziweruka masana, ndipo azakhali ake azikhala nafe mpaka titazolowera. Makolo ena ndawaitana Loweruka. Anamwino, kodi mankhwala ake a khunyu tiziwasunga kusukulu, kapena ndi bwino kuti azimwera kunyumba?