Kodi kuopa imfa ndi kupanda nzeru, monga ankanenera Epicurus?

Tiyanjane analemba:

Ndakhala ndikulingalira mfundo ya Epicurus, wafilosofi wa ku Greece amene anabadwa m'chaka cha 341 ndi kumwalira mu 270 Khristu asanabadwe. Iye ankaphunzitsa kuti imfa si kanthu kwa ife, chifukwa pamene tili moyo imfa sinafike, ndipo ikafika ifeyo sitikhalaponso kuti timve kuwawa kwake. Mfundoyi ikumveka yolongosoka, koma sindikhulupirira kuti inachotsapo mantha mumtima mwa munthu aliyense. Kodi cholakwika chili mu mfundoyo kapena chili mwa ife? Ndipo ngati imfa si kanthu, ili ndi gawo lanji pa nkhani ya kukhala moyo wabwino?

Mphunzitsi Wopuma anayankha:

A Tiyanjane, tiyenera kuona kaye mantha amene Epicurus ankalimbana nawo. Anthu a m'nthawi yake ankaopa kuti akafa adzakalangidwa ndi milungu, kapena adzakhala mumdima akuvutika mpaka kalekale. Iye ankakhulupirira kuti thupi ndi mzimu womwe zinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono timene timabalalika munthu akafa, choncho sipatsala aliyense woti alangidwe. Wolemba ndakatulo wa ku Roma, Lucretius, anawonjezera mfundo ina imene ine ndimaiona kuti ndi yamphamvu kuposa yoyambayo: tisanabadwe panadutsa nthawi yosawerengeka imene ife kunalibe, ndipo palibe amene amadandaula nayo, nanga nthawi ya pambuyo pa imfa ikusiyana pati?

Pa funso lanu lachiwiri, anthu awiriwa ankaona kuti kuopa imfa ndiko kumawononga moyo. Munthu wamantha amaunjika chuma ndi kulimbirana maudindo ngati kuti zimenezi zingamutchinjirize ku manda, ndipo potero amataya zinthu zimene Epicurus ankati ndizo zokwanira, monga mtima wodekha, thupi lopanda ululu ndi mabwenzi okhulupirika.

Nasibeko anayankha:

Aphunzitsi, mwafotokoza bwino, koma ine ndikuona kuti mfundo ya Lucretius ili ndi mng'alu. Wafilosofi wa ku America, Thomas Nagel, analemba za nkhaniyi mu 1970, ndipo ananena kuti imfa ndi yoipa osati chifukwa wakufayo akumva kuwawa, koma chifukwa yamulanda zabwino zimene akanakhala nazo. Munthu akhoza kuperekedwa ndi bwenzi lake iye osadziwa mpaka kufa, komabe tonse timavomereza kuti walakwiridwa, kusonyeza kuti choipa sichidalira kuti mwini wake achimve. Nthawi ya tisanabadwe sinatilande kanthu, pakuti panalibe ana amene tinkalera kapena ntchito imene tinaiyamba, pomwe imfa imadula zinthu zimene zili kale m'kati. N'chifukwa chake imfa ya mwana imatipweteka kuposa ya nkhalamba ya zaka 95, ndipo chiphunzitso cha Epicurus chimalephera kufotokoza kusiyana kumeneku, popeza kwa iye imfa zonse ziwirizi si kanthu mofanana.

Mwachidule, a Tiyanjane, Epicurus anachiza mantha a kukhala wakufa, koma sanakhudze chisoni chosiya moyo, ndipo ndikuganiza kuti chimene chikukuvutani ndi chachiwirichi.

Wapaulendo anayankha:

Mayi Nasibeko akunena zoona, koma tisathamangire kuganiza kuti moyo wosatha ukanathetsa vutoli. Wafilosofi wa ku England, Bernard Williams, ananena mu 1973 kuti munthu wokhala ndi moyo kwamuyaya akanafika potopa ndi chilichonse, zofuna zake zonse zitatha. Seneca, wafilosofi wa ku Roma, nayenso ankati moyo si waufupi, koma ife ndife timamwaza wambiri pa zinthu zopanda pake. Iyeyu anayesedwa pa zimene ankalemba, chifukwa m'chaka cha 65 Khristu atabadwa mfumu ya ku Roma, Nero, inamulamula kuti adziphe.

Mphunzitsi Wopuma anayankhanso:

Mayi Nasibeko, ndikuvomereza kuti imfa imalanda, koma funso ndi lakuti ikulanda chiyani. Ngati moyo wabwino ndi kuchuluka kwa zosangalatsa, ndiye kuti tsiku lililonse lochotsedwa ndi chitayiko. Koma ngati moyo wabwino ndi kuchita chilungamo, imfa ilibe mphamvu yaikulu chotero. Wafilosofi wa ku Greece, Socrates, ataweruzidwa kuti aphedwe ku Athens mu 399 Khristu asanabadwe, anzake anakonza njira yoti athawe m'ndende, koma iye anakana ndipo anamwa chiphe ali ndi zaka pafupifupi 70, chifukwa ankaona kuti chofunika si kungokhala moyo, koma kukhala moyo molungama. Zaka zochepa zimene akanawonjezera pothawa zikanagulidwa ndi chinthu chimene iye ankachiyesa chamtengo wapatali kuposa zakazo.

Nasibeko anayankhanso:

Aphunzitsi, chitsanzo cha Socrates chikuthandiza mbali yanga. Iye anali atakalamba, ntchito yake ataigwira, ndiponso ankayembekezera kuti mzimu sufa, zimene Epicurus ankazikana kotheratu. Mundiuze ngati mfundo yanuyo ingaimebe tikamakamba za munthu wolungama wa zaka 30 amene wasiya ana aang'ono, ndipo sakhulupirira kuti kuseri kwa manda kuli kanthu.